Mangawa a M'dziko la Tiyi

Kuno ku Thyolo, m'midzi ndi m'makomboni ozungulira minda ya tiyi, ndalama ndi mlendo wobwera kawiri pa mwezi, ndipo sagonera. Tsiku la malipiro pamsika pamasowa poponda: a kaunjika, a chipisi, ootcha nyama ya nkhumba, a kabaza, onse nkhope zili ngwee. Pakutha pa masiku awiri zonse zabalalika. Masiku otsalawo anthu amadyabe, amachapa ndi sopo, amapita kuchigayo, amaika maliro, koma chimene chikuyendetsa zonsezi si kwacha ayi, ndi pakamwa. "Ndilembeni." "Zikatuluka ndibwera." "Tionana pa fotinaiti, achimwene."

Ine ndine mmodzi mwa olembawo. Nditapuma pa ntchito ya uphunzitsi, ine ndi mayi akunyumba tinatsegula okala m'mbali mwa msewu wochoka pa boma la Thyolo kulowera ku Makwasa. Pansi pa kauntala pamakhala kope lachikuto cholimba, munthu aliyense ndi tsamba lake: mchere, machesi, shuga woyeza, mafuta ophikira a m'timapepala, sopo wodula pakati, kawokumani ka ufa madzulo amene moto sunayake. Komanso ndine mkulu wa mpingo. Lamulungu lililonse timanena Pemphero la Ambuye, ndipo tikafika popempha kuti mangawa athu akhululukidwe pa muyeso umene ifenso tikhululukira anzathu, ndimadziwa kuti m'mabenchi akumbuyo kwanga muli anthu amene maina awo ali m'kope muja. Iwonso amadziwa. Tonse timatsinzina n'kumanena mokweza.

Ngati ndikunena zoona, ndiyenera kung'amba kopelo, ndipo okala itsekeka mwezi usanathe, pakuti mwini holoselo ku Limbe kumene ndimakapikula katundu sapemphera nane pempheroli. Ngati sindikunena zoona, ndiye kuti sabata ndi sabata ndimanamiza Mulungu m'nyumba mwake momwe.

Yankho lachangu lilipo, ndipo ndalimva kwa abusa angapo: mangawa a apa ndi machimo, si ndalama, taonani abale athu a Katolika, pamalo omwewo amati zochimwa. N'zoona, ndipo Luka polemba pemphero lomweli anatchuladi machimo. Koma yankholi limandimasula msanga, ndipo chilichonse chomasula msanga munthu wa kope ine ndimachikayikira. Amene ankamvera Yesu ku Galileya anali alimi ndi asodzi olemedwa ndi misonkho, odziwa bwino momwe munda umachokera m'manja mwa munthu chifukwa cha ngongole. Atamva za mangawa, maganizo awo sanathamangire kumwamba. Ndipo Yesu yemweyo, pofuna kumasulira chikhululukiro m'Mateyu 18, anasimba za matalente 10,000 ndi madinari 100. Anasankha yekha chiyankhulo cha pa okala.

Zaka zimene ndinkaphunzitsa mbiri yakale ndinaona chinthu chimene silabasi sinkachitchula. Angerezi a pakati pa 1500 ndi 1700 ankafanana kwambiri ndi ife kusiyana ndi momwe ankafananira ndi zidzukulu zawo zimene zinabwera kudzadzala tiyi kuno. Makobiri anali osowa. Tindalama ta chenje tinkavuta kotero kuti kuyambira cha m'ma 1648 mpaka 1672 eni masitolo ndi eni mabala ankasulitsa timakobiri tawotawo tolembedwa maina awo. Ife obweza chenje ndi maswiti sitingawaseke. Katswiri wa mbiri Craig Muldrew, m'buku lake la 1998 lotchedwa The Economy of Obligation, anasanthula zolembedwa za makhoti a tauni ya King's Lynn ndi kwina, n'kuonetsa kuti malonda ambiri a tsiku ndi tsiku ankayenda pangongole ya pakamwa. Wophika buledi ali ndi ngongole kwa wachigayo, wachigayo kwa wosula zitsulo, wosula zitsulo kwa wophika buledi yemwe uja. Pakapita miyezi ankakhala pansi awiriawiri n'kuwerengerana, kufafaniza zolingana, ndipo kobiri linkatuluka pa chotsala chokha. Chuma cha munthu chinali mbiri yake. Zikamveka kuti uje wayamba uchidakwa kapena bodza, onse omukongoza ankamufikira nthawi imodzi, ndipo ankagwa ngakhale katundu ali m'nyumba.

Sikunali kumtendere ayi. Ankasumirana koopsa, ndipo olephera kubweza ankaponyedwa m'ndende. Za chiwongoladzanja anakangana mibadwo ingapo: Henry VIII analola mpaka 10 pa 100 mu 1545, lamulolo linafafanizidwa mu 1552 ponena kuti Malemba amaletsa, malire a 10 anabwereranso mu 1571, kenako anatsika kufika pa 8 mu 1624. Ngakhale bambo ake a William Shakespeare anaimbidwapo mlandu wa katapila mu 1570. Pemphero lija linkawatsina iwonso. William Tyndale mu 1526 anaikapo mawu otanthauza zolakwa, ndipo buku la mapemphero la Anglican linatsata iye; Baibulo la King James la 1611 linaika ngongole, ndipo Apresbateria a ku Scotland anakakamira ngongoleyo. Buku Lopatulika la 1922 linasunganso mangawa. Ndiye ife amene tinakulira m'bukuli sitinapatsidwe pothawira.

Chimene Angereziwo ankachidziwa, makasitomala anga amachidziwanso osawerenga buku: ngongole payokha si tchimo. Kupatsa n'kuika. Munthu amene alibe mangawa ndi aliyense m'mudzi, amene sabwereka nkhwangwa kapena kupempha moto, sitimutama kuti ndi mfulu. Timangodabwa kuti adzamuika ndani. Pa okala pathu mawu owawa kwambiri si akuti "ndilibe lero". Owawa ndi akuti "werengani zonse, tithane." Wonena zimenezi kapena akusamuka, kapena wakwiya. Pali amayi ena othyola tiyi amene tsiku la malipiro amabweza pafupifupi zonse, n'kusiya dala K200 patsamba, ndalama ili m'manja. Mayi akunyumba ndi amene anandimasulira: akufuna tsambalo lisatsekedwe. Ngongole yosatha ya mtundu umenewu ndi chibale.

Koma ine ndine mdzukulu wa munthu wa thangata, ndipo sindingayamikire ngongole yosatha popanda lilime kulemera.

Agogo anga aamuna anali Mlomwe. Anaoloka kuchokera ku Mozambique pothawa nkhanza za Apwitikizi, monga anachitira anthu miyandamiyanda kuyambira m'zaka za m'ma 1890. Anapeza dziko litagawidwa kale pa mapepala amene Harry Johnston anavomereza, ndipo gawo lalikulu la Thyolo linali m'manja mwa British Central Africa Company. Tsiku limene anazika mtengo woyamba wa nyumba yawo anagwa m'ngongole ziwiri, asanabwereke kanthu kwa munthu. Yoyamba inali msonkho wa nyumba kwa boma, umene unali masheleni 3 kuyambira 1894, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 unakwera kufika masheleni 6, koma wogwira ntchito mwezi umodzi kwa mzungu ankalipira theka. Yachiwiri inali lendi kwa mwini esiteti. Zonse ziwiri zinkabwezedwa ndi thupi, ndiponso m'nyengo ya dzinja, pamene munda wa munthu mwini ukufuna kupalira. Mawu okoma aja a kuthangatana, a dima ndi mowa wa pamunda, anagwidwa n'kuvekedwa ntchito imeneyi.

Chimene ana a masiku ano sachimvetsa ndi tikiti. Mwezi wa thangata sunkawerengedwa poyang'ana kumwamba. Unali kapepala ka masiku, ndipo tsiku linkachongedwa pokhapokha munthu atamaliza mgwazo umene kapitawo wamuyezera. Mgwazo ukatsala, tsikulo lapita pachabe. John Chilembwe ataukira mu 1915, komiti yofufuza inamva umboni wa momwe zinkachitikira ku minda ya A. L. Bruce ku Magomero, pansi pa William Jervis Livingstone, kumene mwezi umodzi wa tikiti unkatha kukoka masabata ambiri kuposa mwezi weniweni. Tiyi atafika ku Thyolo, kuyambira ku Bandanga mu 1908 n'kudzachuluka m'zaka za m'ma 1920 ndi 1930, anapeza dongosololi lili chilili. Lamulo la 1928 linati wokhala pa esiteti angathe kulipira lendi ndi ndalama, ndi ntchito kapena ndi mbewu, koma linapatsanso mwini malo mphamvu yothamangitsa gawo limodzi mwa magawo khumi a anthu ake zaka zisanu zilizonse. Mkwiyo unaphulika mu Ogasiti 1953, kuyambira pa nkhani ya malalanje pa esiteti ya Mangunda, ndipo m'zipolowe zimene zinafalikira m'chigawo chakummwera anthu 11 anaphedwa. Thangata anathetsedwa ndi lamulo mu 1962.

Agogo anafa akuwerengabe m'mapaundi. Kwacha itabwera mu 1971, K2 iwo ankangoti paundi. Ndipo ukamvetsera bwino, mawu onse a ndalama ya pa esiteti anali obwera: tikiti, sheleni, kapitawo, kalaliki, lendi, fayindi. Athu anali ngongole, mangawa, chikole, kulonjerera. Kulonjerera kumafuna kuti wokongoza apite yekha pakhomo, akhale pamphasa, apatsidwe moni, amve za matenda a mwana, anansi akuona. Tikiti sinkafuna zonsezo.

Bambo anga anaphunzira pang'ono ku mishoni n'kukhala kalaliki wochonga matikiti pa esiteti ina. Ankanena kuti anthu amaopa chikoti cha kapitawo, koma chimene chinkadya anthu chinali pensulo. Apa ndi pamene ndinapeza malire amene ndimayendera. Ngongole ya amayi a K200 aja ndi ngongole ya agogo zonse n'zosatha. Kusiyana kwake sikuli pa kukula, kapena pa kutha ndi kusatha. Kuli pa funso lakuti akuwerenga ndani. Pa yoyamba timawerenga awiri, ndipo mayiyo akhoza kunditsutsa kuti shuga uja anali wa sabata yatha ndipo analipira. Akhozanso kutseka tsambalo tsiku limene wafuna. Pa yachiwiri wowerenga anali mmodzi, buku linali lake, chiyankhulo chinali chake, muyeso wa tsiku unali wake, ndipo khomo lotulukira kunalibe.

Ndi muyeso umenewu katapila ndimamuweruza mosavuta. Munthu watenga K20,000 mwana atadwala, pa malipiro abweze K30,000 kapena K40,000. Walephera, chiwongoladzanja chasanduka mutu wa ngongole. Khadi la kubanki lili m'thumba mwa wokongoza pamodzi ndi nambala yake yachinsinsi. Tsiku la malipiro wokongozayo ndiye amapita pamakina, n'kudzamupatsa mwini thukuta chimene wafuna kumupatsa. Funsani wokongolayo kuti yatsala zingati, akuuzani kuti akudziwa ndi abwanawo. Ameneyu ndi thangata wovala jekete, ndipo ena mwa eni ake amaimba nafe kwaya.

Koma pano ndimasiyana ndi akulu anzanga ena, amene amati vuto ndi chiwongoladzanja basi. Banki mkhonde ya amayi a kuno imatenganso chiwongoladzanja, ndipo si chochepa. Komatu pitani mukaone. Ndalama imawerengedwa mokweza pamkeka, aliyense akuona. Bokosi lili ndi maloko angapo, makiyi ali kwa anthu osiyana. Wobwereka lero ndi yemweyo adzagawana nawo phindu pakutha pa chaka. Imakhala ndi mavuto ake, ndipo tamvapo za mabanja olandidwa ziwiya gulu litakwiya. Pamenepo nayonso yawoloka malire. Koma pamene ikuyenda bwino, sindipeza chifukwa choiikira m'thumba limodzi ndi katapila.

Tsono pali mbali imene sitiitchula kawirikawiri. Timakamba ngati wosauka ndiye wangongole nthawi zonse. Mayi wothyola tiyi amalawirira m'mame, dengu kumsana, amagwira masabata awiri asanaone tambala. Masiku onsewo ndiye wakongoza esiteti mphamvu zake, popanda chiwongoladzanja, popanda chikole. Lamulo la Mose, m'Deuteronomo 24, linkafuna kuti waganyu wosauka alipidwe tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe, ndipo Yakobo m'chaputala 5 amati malipiro obisidwa amafuula. Sindikuti maesiteti ayambe kulipira madzulo alionse. Ndikuti ngongole ya m'kope mwanga ndi mwana wa ngongole inayo: mayiyo amandikongola ine chifukwa wakongoza wina. Ndipo pa sikelo, pamene masamba akuyezedwa n'kuchotserapo za madzi a mvula, funso lija lakuti akuwerenga ndani limakhalapobe, ngakhale pensulo inasanduka makina. N'chifukwa chake mgwirizano wa 2016 pakati pa bungwe la Tea Association of Malawi ndi bungwe la ogwira ntchito la PAWU, woyamba wa mtundu wake m'tiyi, ndimauona wolemera kuposa ndalama zimene anagwirizanazo. Ndalamazo kukwera mitengo kunazidya. Chimene chinali chatsopano n'chakuti wothyola anakhala ndi womuimira pa tebulo lowerengera.

Kunena za kudyedwa kwa ndalama: mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 pa 100. Ngongole zonse za m'kope mwanga zinapepuka, chifukwa ndalama imene ndinalemba pa sopo mmodzi sinkagulanso sopo ku Limbe. Palibe anapemphera, palibe anakhululuka, koma mangawa anachepa. Okongolawo sanapindule, pakuti malipiro awo anapepuka tsiku lomwelo. Winawake kutali anasintha muyeso, tonse tili m'tulo.

Vincent Wandale ndi gulu lake la People's Land Organisation atayamba kunena kuti maesiteti a ku Thyolo ndi Mulanje alipire lendi ya malo ndi malipiro a thangata kuwerengera kuyambira 1914, ambiri anaseka, makamaka atalengeza kuti maboma awiriwa ndi dziko lapalokha. Njira yakeyo ine sindinaitsate. Koma ndinaona nkhalamba zimene sizinaseke. Kwa izo, aka kanali koyamba kumva munthu akutembenuza buku n'kufunsa kuti kodi wangongole weniweni ndani. Mlandu suwola.

Tsopano pali povuta pamene sindingapadumphe. Ngati wosunga buku yekha, losaonedwa ndi wina, ndiye wankhanza, nanga Mulungu? Timalalikira kuti ali ndi mabuku amene adzatsegulidwe tsiku lomaliza. Muyeso ndi wake, kuwerenga ndi kwake, kothawira kulibe. Agogo anga anakana ubatizo zaka zambiri pa chifukwa chomwechi. Ankati mlaliki akamakamba za buku la kumwamba, iwo amamva fungo la ofesi ya esiteti: kumeneko nakonso adzati mgwazo sunathe.

Sindinawayankhe ali moyo, ndinali mwana. Lero ndikanawauza kuti ayang'ane mbali imene Mwini bukuyo amaima akamapereka malamulo a ngongole. Pafupifupi onse amamanga wokongoza, osati wokongola. Usatenge mphero ngati chikole, chifukwa ndi moyo wa munthu. Ukatenga chofunda, ubweze dzuwa lisanalowe kuti mwiniwake agone. Usalowe m'nyumba ya wokongola kukasankha chikole; uime panja, atulutse yekha. Chaka chachisanu ndi chiwiri ngongole ithe. Mwini esiteti sanadzilemberepo malamulo otere. Ndikanawauzanso kuti Mulungu ameneyu amalola kutsutsidwa: Abrahamu ananenerera naye za Sodomu monga munthu wotsitsa mtengo pamsika, Yobu anafuna kuona mlandu wake utalembedwa, ndipo pamapeto Yobu yemweyo ndiye anayamikiridwa, osati abwenzi ake oikira kumbuyo bukulo. Ndipo Paulo, polembera Akolose, amati kalata ya ngongole imene inkatitsutsa inafafanizidwa ndi Mwini wake, n'kukhomedwa pamtanda. Kaya agogo akanakhutira, kaya akanangoti wonena ndi mwana wa kalaliki. Anali ndi chifukwa chokayikira uthenga wobwera pa sitima imodzi ndi tikiti.

Fanizo la m'Mateyu 18 lija limayamba ndi mfumu ikuwerengera akapolo ake. Kuwerengako sikudzudzulidwa. Sungakhululuke chimene sichinawerengedwe moona. Kukhululuka ngongole yonamizira ndi kuba kawiri. Kapolo uja analakwa pamene anatuluka n'kugwira mnzake pakhosi, mnzakeyo akupempha nthawi ndi mawu omwewo amene iye anali atangowanena. Ndiye ndikamanena pemphero lija sindilonjeza kung'amba kope. Ndimalonjeza kusagwira munthu pakhosi, ndipo ndimavomera kuti muyeso umene ndigwiritse pa okala Lolemba udzagwiritsidwe pa ine. Ndi lonjezo lochepa kuposa kung'amba kope, koma limadula ndalama zenizeni.

Pa okala pathu zimatanthauza izi. Chilichonse cholembedwa chimawerengedwa mokweza wokongola ali pomwepo, ndipo wosadziwa kuwerenga abwere ndi mwana wa sukulu aone tsambalo. Sitilandira khasu, mphika, bulangete kapena khadi. Miyezi ya chilimwe, pamene tiyi waleka kuphuka ndipo antchito a nyengo aimitsidwa, kope limanenepa ndipo sitilonjerera mpaka mvula itagwa ndi masamba atayambanso. Munthu akamwalira timajambula mzere patsamba lake; wamasiye salowa ngongole ya sopo. Pa zimenezi timagwirizana. Pamene timakangana ndi mayi akunyumba ndi pa abambo amene amalandira bwinobwino n'kukathera kumowa, ana n'kumabwera madzulo kudzapempha ufa pa dzina la bambo awo. Mayi amati kupitiriza kulemba ndi kumugulira kachasu munthuyo. Ine ndimati wobwera pawindo ndi mwana. Nthawi zambiri amapambana ndi mayi, kenako ndimaona iwo omwe akumuitanira mwanayo kuseri kukamupatsa nsima yosalemba.

Kumsonkhano wa akulu a mpingo kunabwera funso lakuti kodi akatapila azidya nawo Mgonero. Ine ndinati tisawafunse ngati amatenga chiwongoladzanja, pakuti theka la amayi a chigwirizano lingagwe nawo. Tiwafunse ngati ali okonzeka kubweza makhadi a eni ake, kuwerenga ngongole iliyonse pamaso pa mboni, ndi kunena tsiku limene idzathe. Ena anavomera, ena anati ndikufewetsa tchimo. Kenako mkulu wina wachikulire, amene anathyola tiyi moyo wake wonse, anakweza dzanja n'kufunsa za khadi lina: la zopereka, limene m'mipingo yambiri kuno limayamba layang'anidwa munthu akamwalira, kuti aone ngati analipira zonse asanalole kuti kwaya ikaimbe pamaliro ake. Anafunsa kuti bukulo amasunga ndani, ndipo womwalirayo angatsutse bwanji. Wapampando anati funsolo n'lofunika, ndipo analiika pa mndandanda wa mwezi wamawa, pambuyo pa nkhani ya malata a nyumba ya abusa.